Timapepala Tonyikidwa M'tiyi

MUTU 5

1. Dzanja la Kalembera

Mtsikanayo ankamutchula kuti Kalembera. Dzinali lidachokera kusukulu, chifukwa aphunzitsi akafuna kulemba chidziwitso pabolodi ankaitana iyeyo. Zilembo zake zinkaima mowongoka, zofanana msinkhu, moti ngakhale mwana wamphwayi ankawerenga mpaka kumapeto. Pakhomo pawo nawo adafika poiwala dzina lake lenileni.

Luso limeneli sadalitole panjira. Bambo ake adali wolemba zikwangwani. Kale, malo ometera ndi magolosale a m'dera lonselo ankadziwika ndi dzanja lawo. Koma matenda adawagwira, manja adayamba kunjenjemera, burashi n'kuwakana. Tsopano ankangokhala pampando pafupi ndi zenera, zitini za penti zitauma kunsi kwa bedi.

Amayi ake a Kalembera adamwalira iye akadali wamng'ono. Amene ankasamala banjalo adali azakhali ake, mlongo wa bambo akewo. Azakhaliwa adali telala. Pakhonde padali makina awo osokera, opalasa ndi miyendo, akuda ndi olemera, operepeseka pamene pamagwira dzanja. Makinawo ndiwo ankalipira lendi, ndiwo ankagula chakudya ndi mankhwala a bambo, ndiwonso ankasunga Kalembera pasukulu. Makinawo akangokhala chete masana, nyumba yonse inkadziwa kuti sabata imeneyo zinthu zivuta.

Tchuthi chitayamba, Kalembera adapeza ganyu musitolo yaikulu ya katundu wa m'nyumba. Mwini sitoloyo anthu ankamutchula kuti a Zatchipa, chifukwa liwu limeneli silinkachoka pakamwa pawo. Adali munthu wansangala, wodziwa kucheza ndi ogula, koma kumwetulira kwawo kunkathera pakhomo la chipinda cha kuseri. Adaona chikwangwani chimene mtsikanayo adalembera wometa wa pafupi, ndipo adamuitana kuti azidzalemba mitengo ya katundu.

2. Chenjezo la Bambo

M'mawa wa tsiku loyamba, Kalembera akumanga nsapato, bambo ake adamuitana.

“Takhala apa kaye,” adatero. “Ndamva kuti ukukalemba mitengo. Ntchito ndi ntchito, sindikukuletsa. Koma umve izi. Mawu a pakamwa amapita ndi mphepo, munthu akhoza kukana kuti sindinanene. Mawu olemba sakana mwini wake. Iwe ukaweruka n'kubwera kunyumba, chikwangwani chako chimatsala kumeneko chikulankhulabe. Chimalankhula ndi anthu amene sunawaonepo: nkhalamba yosaona bwino, mnyamata amene wangolandira malipiro ake oyamba, mayi amene wakhala akudzimana chaka chonse. Anthu amenewo safunsa kuti walemba ndani. Akaona zilembo zowongoka amati nkhaniyonso ndi yowongoka.”

Adapumira pang'ono, manja akunjenjemera pamaondo.

“Ine panabwera munthu wogulitsa mankhwala a m'mabotolo. Ankafuna ndimulembere kuti mankhwala ake amachiza matenda onse. Ndinakana. Sabata imeneyo tinavutika, amayi ako anandikwiyira, koma palibe amene anamwa madzi achabe chifukwa cha dzanja langa. Dzanja lokongola ndi loopsa, mwana wanga. Bodza likavala bwino anthu amalipatsa mpando. Usanalembe chinthu uzidzifunsa kuti, kodi amene awerenge izi atakhala wa m'nyumba mwathu, ndingamuyang'ane m'maso? Ukaona kuti sungathe, burashi uyiike pansi.”

“Ndamva, bambo,” adayankha Kalembera.

Kumva adamvadi, koma maso ake adali pakhomo. Kwa ana a msinkhu wake tsobola wakale sawawa. Adatuluka akuthamanga kuti asachedwe.

3. Chipinda cha Kuseri

Ntchito yake ankagwirira m'chipinda cha kuseri, pakati pa makatoni ofika kudenga. Mudali tebulo, lumo, mapepala olimba, inki yakuda ndi inki yofiira. Sabata yoyamba adalemba mitengo yeniyeni, ndipo zonse zidayenda bwino.

Sabata yachiwiri a Zatchipa adalowa atanyamula ketulo, natseka chitseko.

“Tikuyamba kutsitsa mitengo,” adatero. “Tamvera bwino. Tiyerekeze kuti ketulo iyi timagulitsa teni. Iwe ulembe twente-foro ndi inki yakuda. Kenako ukhwatche ndi yofiira, pansi pake ulembe thwelofu, zilembo zikuluzikulu. Pamwamba ulembe kuti theka la mtengo.”

Kalembera adayang'ana ketuloyo. “Koma bwana, ndiye kuti mwakweza. Ketuloyi sinakhalepo pa twente-foro.”

“Inakhalapo,” adayankha a Zatchipa akuseka. “Dzulo inagona muno m'katoni pa twente-foro. Palibe anabwera kudzaigula, ndiye tatsitsa. Talakwa? Mwana iwe, munthu sagula ketulo. Amagula chimwemwe choti wam'pusitsa wa sitolo. Ife timangomupatsa zimene akufuna.”

Kalembera adalemba. Dzanja lidalemera pa kapepala koyamba, lidapepuka pa kachiwiri, ndipo pofika masana ankalemba akuimba.

Koma padabuka vuto. Mayi wina wochenjera adaima pashelefu, nayang'anitsitsa kapepala ka mtengo. Adati mtengo wakale ndi watsopano zikuwala mofanana, ngati zalembedwa m'mawa womwewo. Adaseka, natuluka osagula kanthu. A Zatchipa nkhope idagwa tsiku lonse.

Apa ndi pamene Kalembera adalakwa kwambiri, ndipo tisamubisire, palibe amene adamukakamiza. Adapita yekha kwa bwana wake ndi nzeru. Adati mtengo wakale uzilembedwa pakapepala kakekake. Kapepalako kazinyikidwa m'tiyi wozizira, kaziumikidwa padzuwa kuseri kwa sitolo, ndipo m'makona muzipekesedwa ndi chala. Kakauma kazioneka ngati kakhala pashelefu miyezi yambiri. Kenako kakhwatchidwe, ndipo pambali pake paikidwe kapepala koyera ka mtengo watsopano.

Adayesa. Timapepalato tidatuluka tachikasu, totopa, tooneka tachilungamo. A Zatchipa adaomba m'manja. Adamuonjezera malipiro, namulonjeza kuti ngakhale sukulu ikatsegulidwa azidzagwira ntchito Loweruka lililonse. Kalembera adasangalala kwambiri, chifukwa aka kadali koyamba munthu wamkulu kumuuza kuti ali ndi mutu wa malonda. Paja mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Masiku omwewo bambo wina adabweza makina osokera amagetsi, oyera ndi opepuka. Adadandaula kuti akasoka nsalu yokhuthala amatentha n'kumadula ulusi. Munthuyo adali wamakani, ndipo a Zatchipa adamubwezera ndalama zake kuti achoke anthu asanamve. Atachoka, adauza Kalembera kuti apukute makinawo, awaike pazenera la kutsogolo ndi kuwalembera mtengo monga mwa masiku onse. Adamulembetsanso zikwangwani ziwiri. China chinkati, “Masiku atatu okha.” China chinkati, “Katundu wotsitsidwa mtengo sabwezedwa.”

4. Mkangano Pakhonde

Madzulo a tsiku lotsatira azakhali adafika kunyumba nkhope ikuwala. Sukulu ina idawapatsa ntchito yosoka mayunifolomu a ana ambiri, nsalu ndi mabatani idapereka kale. Pobwerera adadutsa pasitolo ya a Zatchipa.

“Achimwene, ndaona makina,” adatero akukhala pansi. “Amagetsi. Umangoponda pang'ono, iwo n'kumathamanga okha. Atsitsa ndi theka, koma mawa ndi tsiku lomaliza. Maondo angawa atopa kupalasa. Ndi makina amenewo mayunifolomuwa ndikhoza kuwamaliza msanga, n'kulandiranso ntchito ina. Ndiye nanga si pali munthu wina amene wakhala akundivutitsa kuti ndimugulitse akalewa?”

Kalembera adali pambali, akutsuka mbale. Dzanja lake lidaima m'madzi.

“Chemwali,” adayankha bambo, “ine ndilibe mphamvu m'nyumba muno, amene mumatidyetsa ndinu. Koma wakutsina khutu ndi mnansi. Wamalonda si m'bale wanu. Akakuuzani kuti fulumirani, dziwani kuti akuopa kuti mukagona mudzuka ndi nzeru. Chinthu chabwino sachithamangitsira munthu. Kodi mtengo wakalewo munauona ndi maso anu mwezi watha? Mwafunsako kumasitolo ena? Mwaona makinawo akusoka nsalu ngati yanuyi? Theka la mtengo ndi mawu okoma, koma theka la chiyani? Ine ndikhoza kunena kuti mpando wangawu ndi wa mtengo wa galimoto, kenako n'kukuchotserani theka, inu n'kuthokoza. Makina akudawa munawadziwa, akadwala mumawachiza nokha ndi mafuta ndi sikuludilaiva. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Ngati mukufuna amagetsi, sokani kaye mayunifolomuwa, mudzagule muli ndi akalewa pambali.”

“Inu achimwene, chilichonse mumachiopa,” adatero azakhali. “Mtengo wakale ndauona. Kapepala kake kachita kusuluka ndi dzuwa, zoonetseratu kuti kakhalitsa. Ndiponso m'sitolomo muli mwana wathu. Kukanakhala chinyengo si akanatiuza?”

Onse awiri adatembenukira kwa Kalembera.

Mtsikanayo adawerama. Akanati makinawo ndi oipa, akanamufunsa kuti wadziwa bwanji. Akanati mtengowo ndi wabodza, akanamufunsa kuti kapepala kosulukako kadachokera kuti. Manyazi adamugwira. Adadzitonthoza kuti azakhali sangamalize malonda ndi wogulayo usiku umodzi, ndipo nkhaniyo itha yokha.

“Ine ndimangolemba zimene andiuza,” adatero. Adanyamula mbale nalowa m'nyumba.

5. Funso la Azakhali

Mawa lake, dzuwa lili pamutu, sitolo idadzaza. Anthu ankakankhana pamashelefu, wina atakumbatira ketulo, wina mapoto, aliyense akuopa kuti mnzake amutsogolera. A Zatchipa adaima pakati akufuula liwu lawo lija. Kalembera adatuluka kuseri atanyamula timapepala tatsopano, ndipo adangoti maso ndi maso ndi azakhali ake.

Adavala diresi lawo la kutchalitchi, chikwama atachigwira ndi manja awiri pachifuwa.

“Ndagulitsa, mwana wanga,” adamunong'oneza. “Munthu uja wandipatsa ndalama m'mawa uno. Makinawo adzawatenga madzulo ndi galimoto, akupita nawo kwawo kutali. Ndamuuza kuti zikakanika kuno ndimubwezera ndalama zake asanawanyamule.”

Ndiye kuti mpata udalipo. Makina akuda adali akadali pakhonde. Liwu limodzi lokha likanawasunga.

A Zatchipa adafika akumwetulira. Atamva kuti mayiwo ndi azakhali ake a Kalembera, adawapatsa mpando. Adalumikiza makinawo kumagetsi, natenga kansalu kopyapyala, nasoka mzere wowongoka. Makinawo adalira mofewa. Azakhali adagwira pakamwa.

Komabe mawu a achimwene awo adali asanawachoke m'mutu. Adatenga kapepala kachikasu kaja, nakayang'anitsitsa.

“Dzanja ili ndi lako, ndalizindikira ndili panja,” adatero kwa Kalembera. “Bambo ako andisokoneza mutu. Ine sukulu sindinapite nayo patali, koma iwe ndakulera ndekha. Tandiuza, mwana wanga. Mtengo wakalewu ndi woona? Makinawa ndi abwino?”

A Zatchipa adasendera pafupi. Adangoika dzanja paphewa la Kalembera, mofatsa, ngati kholo. Mtsikanayo adamva kulemera kwa dzanjalo. Adaona anthu amene adaima pafupi akudikira yankho. Adaona maso a azakhali ake, opanda chikayiko ndi pang'ono pomwe. Adachita mantha kutaya ntchito, koma chimene adaopa kwambiri ndi chakuti maso amenewo asinthe.

“Ndi woona, azakhali,” adatero. “Ndi abwino.”

“Basi,” adatero azakhali, natsegula chikwama.

Adapereka ndalama zonse za makina akale, naonjezera zimene adasungira lendi. Ndalamazo zidaposa mtengo umene makinawo ankagulitsidwa sabata yoyamba ija, ndipo Kalembera ankadziwa, chifukwa mtengo umenewonso adaulemba ndi iye yemwe. Azakhali adathokoza a Zatchipa kawiri konse. Adasenza katoniyo pamutu, natuluka akuyenda ngati mtsikana.

Madzulo Kalembera atafika kunyumba, pakhonde padali malo oyera a ngodya zinayi pamene makina akuda ankakhala. Bambo ake adakhala pazenera akuyang'ana malowo, ndipo sadamufunse kuti ntchito yayenda bwanji.

6. Ulusi Uduka

Tsiku loyamba makina atsopano adasoka makolala ndi matumba a malaya, ndipo azakhali ankaimba. Anansi adabwera kudzaona. Kalembera adayamba kuganiza kuti mwina bambo amene adawabweza uja ndiye sankadziwa kusoka.

Tsiku lachiwiri azakhali adayamba makabudula, a nsalu yokhuthala. Ulusi udaduka. Adaulowetsanso, udadukanso. Adasintha singano, adathira mafuta, adamasula apa ndi kumanga apo monga ankachitira ndi akale aja. Makinawo adayamba kutentha. Adakoka nsalu n'kuitafuna, moti makabudula angapo adang'ambika. Dzuwa likupendeka padamveka fungo la waya wopsa, ndipo makinawo adangoti zii.

Azakhali adawasenza kubwerera nawo kusitolo. Kalembera adawaona akubwera, nathawira kuseri kwa makatoni. Adamva zonse ali komweko.

“Pepani kwambiri, mayi,” ankatero a Zatchipa ndi mawu achisoni. “Makinawa anachoka muno ali bwino, munaona nokha. Mwawalemetsa. Awa safuna nkhanza. Ine ndikanakonda kukuthandizani, koma lamulo ndi lamulo. Tawerengani apo.”

Azakhali adawerenga chikwangwani chija pang'onopang'ono, milomo ikuyenda. “Zalembedwadi,” adatero. Adasenzanso katoni yawo.

Wokonza makina adati mota yapsa, ndipo ina siipezeka wamba. Ndalama zimene adatchula azakhali adangozisekerera mwachisoni. Adafunafuna munthu amene adagula makina akuda, koma adali atapita kale. Adapempha matelala anzawo kuti awabwereke makina, koma aliyense adali ndi ntchito yake. A kusukulu adadikira, kenako adatumiza munthu kudzatenga nsalu zawo zonse, nanena kuti zong'ambikazo azakhali alipire.

Pakhonde padati zii. Anthu amene ankabwera ndi mathalauza ofuna zigamba adayamba kudutsa osapatuka. Mwini nyumba adabwera kawiri. Mankhwala a bambo adatha, ndipo manja awo adafika polephera kugwira kapu. Madzi akatayika saoleka.

Chomvetsa chisoni kwambiri n'chakuti azakhali sadaloze munthu chala. Ankakhala pamphasa, manja amene adazolowera ntchito ali pamiyendo, akudziimba mlandu okha.

“Ndine wopusa,” ankatero. “Munthu anandichotsera theka lathunthu, ine n'kukawononga chinthu chabwino ndi umbuli wanga. Iwe mwana wanga usadandaule. Unanena zimene unkadziwa.”

Mawu amenewa ankamupweteka Kalembera kuposa chikwapu. Chakudya chochepa chimene chinkapezeka chinkamukanika kumeza. Chidagulidwa ndi malipiro ake, chifukwa tsopano m'nyumbamo wolandira ndalama adatsala iye yekha.

Tsiku lina azakhali atapita kukatunga madzi, bambo adamuitana.

“Kalembera, pali zoti undiuze?”

“Palibe, bambo.”

Bambo adamuyang'anitsitsa. “Chabwino. Ine sindikukakamiza. Koma dziwa kuti chinthu chimene wachibisa sichikhala chete, chimakula. Lero chikufuna kuti ukhale chete, mawa chidzafuna kuti unene bodza lina lochiteteza, mkucha chidzafuna munthu wina. Ukachedwa kuchitulutsa, tsiku lochitulutsalo udzapeza kuti khomo lachepa. Azakhali akowa anakana banja chifukwa cha iwe ndi ine. Ngati pali chimene akuyenera kudziwa, achimve kwa iwe, osati kwa anthu a panjira.”

Kalembera adalira, koma pakamwa sadatsegule.

7. Pempho

Sabata yomaliza ya tchuthi, azakhali adadzuka m'mamawa. Adasita diresi lawo la kutchalitchi, napesa tsitsi. Kalembera akutuluka, adapeza akumudikira pakhonde.

“Tipitira limodzi,” adatero. “Ndaganiza usiku wonse. Kukhala pansi sikutithandiza. Bwana wako ndi munthu wabwino, unaona mmene anandilandirira. Anandipatsa mpando, anandichotsera mtengo, ndipo tsiku lija anandipepesa ngakhale wolakwa ndinali ine. Ukandipemphere ntchito. Kusesa, kukolopa, kupukuta mashelefu, chilichonse. Ndikasunga pang'onopang'ono mwina ndidzagula makina ena opalasa, ngakhale otha.”

“Azakhali, kumeneko ayi,” adatero Kalembera. “Tiyeni tifune kwina.”

“Kwina kuti? Ndazungulira paliponse. Kapena ukuchita manyazi kuti anzako aziona azakhali ako akukolopa?”

“Ayi, si zimenezo.”

“Nanga ndi chiyani?”

Kalembera adangotsika pakhonde. Adayenda limodzi mseu wonse, azakhali akulankhula za mmene adzakolopere bwino. Atafika, azakhali adakhala pakhoma lalifupi la kutsogolo kwa sitolo, chikwama chopanda kanthu chili pamiyendo.

“Ndidikira pano,” adatero. “Ukalankhule mwaulemu.”

A Zatchipa adali m'chipinda cha kuseri, akumasula makatoni atsopano. Patebulo padali kale mbale ya tiyi wozizira ndi mulu wa mapepala, chifukwa sukulu zidali pafupi kutsegulidwa ndipo mitengo ya zikwama ndi mabotolo a madzi inkayenera “kutsika”. Kalembera adapereka pempholo maso ali pansi. Mumtima ankapemphera kuti akane.

Bwanayo adaima. Adasuzumira pakhomo, nayang'ana mayi amene adakhala panja uja, wa diresi losita bwino ndi nkhope yofatsa. Anthu odutsa ankawapatsa moni, ena ankaima kuwagwira chanza. Theka la deralo lidavalapo zosoka zawo.

“Wokolopa ndili naye,” adatero a Zatchipa pang'onopang'ono. “Koma mayi amenewa kuwapatsa tsache n'kuwononga. Taona mmene anthu akuwakhulupirira. Ntchito ilipo. Loweruka abwere atavala chonchi. Aziyenda m'sitolo ndi basiketi ngati wogula. Akaona mayi akukayika pashelefu, amuyandikire, amuuze kuti, ‘Tengani msanga, mayi, ine ndinagula makina muno pa theka la mtengo.’ Basi. Sakhala akunama, chifukwa iwowo ndi zimene amakhulupirira. Ndiwalipira kuposa wokolopa.”

“Bwana, azakhali anga sangachite zimenezo,” adatero Kalembera.

“Sangachite chifukwa chiyani? Pali cholakwika chimene akudziwa?” A Zatchipa adamwetulira, koma maso awo sadamwetulire. “Kapena ukufuna ndiwaitane muno, ndiwaonetse mbale iyi, ndiwauze mwini nzeru ya tiyi? Kawauze wekha, mwana wanzeru iwe. Akavomera, nonse awiri muli pantchito. Akakana, nawenso usavutike kubwera. Sindisunga munthu wochokera m'nyumba imene ili ndi chifukwa ndi sitolo yanga.”

Kalembera adatuluka m'chipindamo. Adadutsa pakati pa mashelefu, timapepala ta dzanja lake tili mbali zonse. Kunyumba kudalibe mankhwala, kudalibe lendi. Akanena zoona, ntchito yatha ndipo azakhali adziwa amene adawagulitsa. Akabisa, Loweruka azakhali ake aima m'sitolomo ndi nkhope yawo yoyera, akukokera anansi awo m'dzenje limene iwo adagweramo.

Atafika pakhomo, azakhali adamuona. Adaimirira msanga, nakuntha fumbi kumbuyo kwa diresi, nkhope yonse ili mwee.

“Atani, mwana wanga?” adafunsa. “Andilola?”